Zopanga ana athu zimathera kuti? Zokambirana za mabungwe ofikitsa luso pamsika

Madamu Nabanda (Katete):
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi funso lomwe likundisowetsa mtendere. Ndimaphunzitsa sayansi kusekondale ndipo ndimayang'anira kalabu ya JETS, ya ana okonda sayansi ndi uinjiniya. Chaka ndi chaka ana amapanga zinthu zooneka ndi maso: choumitsira ndiwo zamasamba padzuwa, mbaula yosadya makala ambiri, makala opangidwa ndi zitsononkho. Timapita nazo kumpikisano wa m'boma, kenako wa chigawo, ena amafika mpaka wa dziko lonse. Akabwera ndi satifiketi timawaombera m'manja, chinthu chija n'kuikidwa kuseri kwa labu mpaka chiswe chichipeze. JETS inayamba kale mu 1968. Kodi boma la Zambia lilibe bungwe lomwe ntchito yake ndi kutenga zinthu zotere n'kuzifikitsa pamsika? Ngati lilipo, khomo lake lili kuti?

Chisomo (Lusaka):
Madamu, mabungwe alipo ndithu, kungoti kwathu uko sadziwika. Loyamba ndi National Technology Business Centre, anthu amangoti NTBC. Lili pansi pa unduna wa sayansi ndi luso, uja unapangidwa mu 2021. Linachokera ku lamulo la sayansi nambala 26 la 1997, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2002. Ntchito yake ndi imene mukufunsayo ndendende: kulumikiza wopanga chinthu ndi wamalonda, kulangiza za umwini wa luso, komanso kuthandiza kuti chinthu choyesera chisanduke katundu wogulitsa. Ali ndi thumba la ndalama lotchedwa Technology Business Development Fund, ndipo amalengeza ikakwana nthawi yofunsira.

Lachiwiri ndi National Science and Technology Council, NSTC, lochokera ku lamulo lomwelo. Iwo ali ndi thumba la kafukufuku lotchedwa Strategic Research Fund ndi lina la achinyamata opanga zinthu zatsopano. Kunena mwachidule, NSTC imakugwira dzanja chinthu chikadali kufufuzidwa, NTBC imakulandira chikayamba kugwira ntchito ndipo ukufuna kuchigulitsa.

Kulinso NISIR, bungwe la boma la kafukufuku wa sayansi, cha kubwalo la ndege kuno, komwe kuli malabu oyesera zakudya, madzi ndi zina. Ku yunivesite ya UNZA, komwe ndinaphunzira uinjiniya, kuli nthambi yotchedwa TDAU, yomwe yakhala ikupanga ndi kuyesa makina a kumudzi kuyambira 1975.

aJere (Down Shops):
Mwana wanga, zonse watchulazi zili ku Lusaka. Kuchoka kuno ku Chipata mpaka kumeneko ndi makilomita opitirira 550. Mwana wa giredi 11 wa ku Vubwi akapeza kuti ya basi, ya kogona ndi ya chakudya? Lilongwe ndiye ili pafupi ndi ife kuposa maofesi amenewo.

Chisomo (Lusaka):
Zoona atate, kutalika ndi vuto lenileni. Koma kufunsira kwambiri masiku ano kumayambira pa intaneti kapena pa imelo. Chimene chimagwetsa anthu athu, monga ndaonera, ndi mapepala omwe amafunika, osati basi.

aTembo (Kapata):
Pamapepalapo mwakhudza chilonda changa. Ine ndine wowotcherera, ndimapanga mageti, mafelemu a mawindo ndi ngolo. Ndinapanga makina oswera nshawa opukusa ndi manja, okhala ndi fani youluza makoko. Chomwe ndimanyadira ndi sefa yake. Nshawa za Chalimbana njere zake ndi zikuluzikulu, zina zija zing'onozing'ono zimafuna mpata wina. Makina ambiri sefa yake ndi yowotcherera kamodzi, ndiye ukathira Chalimbana njere zimasweka pakati, ukathira zazing'ono zimadutsa ndi makoko omwe. Yanga imasolola ngati dilowa, umachotsa n'kulowetsa ina, ndipo pali mabawuti awiri okwezera kapena kutsitsira mgolo.

Ndinapita nawo ku Show kuno ku Chipata. Anthu anaunjikana, ena akujambula ndi mafoni mpaka kusuzumira kunsi. Nyengo yokolola yotsatira ndinapeza ofanana nawo akugulitsidwa pamsika wina, opangidwa ndi lata lopyapyala, mtengo wotsika. Akapindika anthu amati makina a Tembo ndi osalimba, chonsecho si ine ndinapanga. Nditafunsa thandizo kwina anandiuza kuti nditumize zojambula zokhala ndi miyeso, zotsatira za kuyesa, ndi pulani ya bizinesi. Miyeso yanga ili m'mutu ndi m'manja. Ndinangosiya.

Funso langa ndi lakuti, patenti ingandibwezere chinthu changa?

aMwale (Kalongwezi):
Achimwene aTembo, pepani kwambiri. Ndimathandiza anthu kulembetsa makampani, ndiye ndiyankha mosabisa ngakhale zina ziwawa.

Patenti, chikalata choteteza umwini wa chinthu chatsopano chomwe munthu watulukira, kuno imalembetsedwa ku PACRA, bungwe lolembetsa makampani ndi mapatenti, ndipo ofesi yawo ku Chipata ilipo. Lamulo lake ndi nambala 40 la 2016. Imateteza zaka 20, koma pamafunika zinthu zitatu: chinthucho chikhale chatsopano padziko lonse, osati ku Kapata kokha, chisakhale choti mmisiri wina aliyense akanachiganiza mosavuta, ndipo chikhale chotheka kupangidwa ndi kugwiritsidwa ntchito. Kuonetsa chinthu poyera musanalembetse kungathe kuwononga mwayi wonse, chifukwa chimawerengedwa kuti ndi chodziwika kale. Madamu, mfundo imeneyi muwauze ana anu asanapite kumpikisano.

Chachiwiri, makina oswera nshawa alipo amitundumitundu kuyambira kale. Pali ena a simenti otchedwa Universal Nut Sheller, omwe Jock Brandis anawapanga atapita ku Mali, ndipo kapangidwe kake anakapereka kwaulere kuti aliyense apange. Ndiye makina onsewo simungawatenge kukhala anu. Chomwe chingakhale chanu ndi kasefa kosololako, ndipo pa zokonza zing'onozing'ono zotere lamulo lomwelo lili ndi chitetezo china chotchedwa utility model, cha zaka zocheperapo komanso chosavuta kupeza.

Chachitatu, patenti sibwera ndi wapolisi. Wina akakopera, ndinu amene mumapita kukhoti ndi ndalama zanu, ndipo chaka chilichonse mumalipira kuti isafe. Ya ku Zambia imathera pa malire a Mwami. Kuti ifike ku Mchinji muyenera kulembetsanso ku Malawi kapena kudzera ku ARIPO, bungwe la maiko a mu Africa lomwe likulu lake lili ku Harare, ngakhale pangano lolikhazikitsa linasainidwa ku Lusaka mu 1976.

aTembo (Kapata):
Ndiye kuti thukuta langa lonse lapita m'madzi?

aMwale (Kalongwezi):
Ayi. Chomwe chikukupwetekani kwenikweni ndi dzina lanu kuipitsidwa ndi makina osalimba. Mankhwala ake ndi chizindikiro cha malonda. Lembetsani dzina ndi chizindikiro ku PACRA, mudinde kachitsulo pa makina alionse okhala ndi nambala yake ndi foni yanu. Wogula adziwe kuti opanda kachitsuloko si anu. Zimenezi ndi zotsika mtengo kuposa patenti ndipo zikhoza kuyamba mwezi uno.

Ndiwonjezere kuti mapatenti ali ndi phindu lina lomwe amisiri athu saligwiritsa ntchito. Aliyense wolembetsa amakakamizidwa kufotokoza kapangidwe konse ndi zithunzi. Pa intaneti pali Espacenet ndi Patentscope, zaulere. Patenti yomwe inatha zaka zake, kapena yomwe sinalembetsedwe kuno, mukhoza kuphunzirapo ndi kupanga momasuka.

Agogo Zulu (Msekera):
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi mpaka kupuma, ndipo ndimakhala pafupi ndi malo a kafukufuku a Msekera. Ndikufuna tisayang'ane ku Lusaka kokha, chifukwa nkhani yomwe mukukambayi yachitika pakhomo pathu pomwe pano, ndipo tikhoza kuona pomwe inayenda ndi pomwe inakanika.

Nshawa zija mumati MGV4 ndi MGV5, zilembo zimenezo zikuimira Msekera. MGV4 ndi yomweyo imene a ku Malawi amaitcha CG7, inachokera ku ntchito ya bungwe la kafukufuku wa mbewu la ICRISAT ku Chitedze ku Malawi, ndipo inatulutsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Imabereka kuposa Chalimbana ndipo ili ndi mafuta ambiri. Koma kwa zaka zambiri mlimi wa ku Chiparamba, yemwe akhoza kufika ku Msekera pa njinga, ankadzalabe nshawa zosunga yekha. Sikuti ankakana. Mbewu panalibe pogula.

Chifukwa chake ndi ichi. Wofufuza amakhala ndi mbewu yochepa kwambiri. Imayenera kuchulukitsidwa magawo angapo, gawo lililonse likuyenderedwa ndi a SCCI, bungwe lovomereza mbewu la ku Mount Makulu, mpaka ifike pokhala mbewu yovomerezeka ya m'thumba. Chimanga ukadzala kilo imodzi umakolola makilo oposa zana. Nshawa ukadzala kilo imodzi umapeza mwina khumi, pomwe hekitala imodzi imadya makilo pafupifupi 80. Komanso mlimi akagula kamodzi amasunga yake zaka zingapo, pomwe chimanga cha haibulidi amabwerera kusitolo chaka chilichonse. Makampani akuluakulu a mbewu anawerengera, n'kuona kuti phindu lili kuchimanga.

Zinayamba kusintha pamene panapezeka anthu oima pakati. Makopaletivu anayamba kuchulukitsa mbewu, kenako makampani ngati Good Nature Agro, omwe anayambira konkuno ku Chipata mu 2014, akupatsa alimi ang'onoang'ono mbewu ya nyemba, soya ndi nshawa kuti achulukitse n'kuwagulanso. Onaninso chimanga cha orenji chokhala ndi vitamini A. A ZARI, bungwe la boma la kafukufuku wa zaulimi, ndi mabungwe anzawo akunja a HarvestPlus ndi CIMMYT atatulutsa mitundu itatu mu 2012, mtundu uliwonse unaperekedwa ku kampani yakeyake, Zamseed, Seed Co ndi Kamano, kuti aliyense akhale ndi chifukwa chothirapo ndalama zake.

Kafukufuku wosafika kwa anthu ali ngati nkhokwe yodzaza yopanda makwerero. Ku mbewu makwererowo alipo tsopano: wofufuza, woyendera, wochulukitsa, wogulitsa m'sitolo. Ku makina a aTembo ndi zopanga ana a Madamu, woyesa ndi kuvomereza ali kuti kuno kwathu? Wopanga zambiri zofanana ali kuti? Wogulitsa ndi wokonza zikawonongeka ali kuti? Apa ndi pomwe ndikufuna tikambirane.

Madamu Nabanda (Katete):
Agogo, mwanditsegula maso. Ine ndimaganiza kuti chosowa ndi ndalama basi.

Amake Dalitso (Kalichero):
Zikomo agogo. Ndilankhuleko monga wogula, chifukwa pano mwalankhula opanga okhaokha. Ndine wapampando wa kopaletivu ya amayi, timalima nshawa ndi kupanga chiponde. Kuswa ndi manja ndi ntchito yowawa. Amayi amakhala pamphasa usiku, zala mpaka kutupa, ana akuwodzera pambali. Ena amawaza madzi pa nshawa kuti makoko afewe, ndipo tonse tinaphunzitsidwa kuti madzi amenewo ndiwo amaitana chuku. Ndiye makina tikuwafuna kwambiri.

Koma tinagulapo ena kwa munthu wina wodutsa. Ankaswa njere zambiri, ogula n'kumatidula mtengo. Zomwe tinasungira mbewu sizinamere bwino chifukwa kakhungu kofiira kaja kanasupuka. Beringi itafa tinasowa kogula ina yolingana, wotigulitsa uja foni yake inali itasiya kulira. Makinawo ali pakhonde mpaka lero.

Bambo Tembo, ine sindingakufunseni za patenti. Ndikufunsani kuti pa thumba limodzi zosweka ndi zingati, mayi mmodzi angapukuse nthawi yaitali bwanji asanatope, ndipo ikafa beringi mu Julaye mubwera tsiku liti.

aTembo (Kapata):
Amayi, beringi ndimaika zopezeka m'mashopu a sipeya konkuno m'tauni, mwadala. Za zosweka ndimaona ndi maso kuti ndi zochepa, koma pasikelo sindinaikepo.

Chisomo (Lusaka):
Apo ndiye pagona nkhani atate. Zomwe afunsa amake Dalitso ndi zomwezo zomwe mabungwe aja amafunsa, kungoti iwo amazifuna papepala. Amene akugawa ndalama za boma sangadalire mawu akuti ndimaona ndi maso. Akufuna aone kuti mwa makilo 10, osweka ndi angati, osaswedwa ndi angati, ndipo zatenga mphindi zingati. Zojambula amazifuna kuti mmisiri wina akapanga achiwiri ndi achitatu atuluke chimodzimodzi. Popanda zimenezo, chomwe chilipo ndi luso la munthu mmodzi, ndipo silingagulitsidwe kapena kuperekedwa pa laisensi.

Amake Dalitso (Kalichero):
Ifenso tinakumana nazo pa chiponde. Masitolo akuluakulu safuna kumva kuti n'chokoma. Amafuna chiyesedwe ndi a ZABS, bungwe loona za ubwino wa katundu, chikhale ndi lebulo yolembedwa tsiku lothera, ndipo chuku chikhale chochepa. Kutumiza zoyesa kulabu ndi ndalama, ndipo ulendo uliwonse mukapanga chiponde china chimafuna kuyesa kwake.

Agogo Zulu (Msekera):
Pa chuku, amayi, pali chitsanzo china cha kafukufuku yemwe anafika theka la njira. Kuli mankhwala otchedwa Aflasafe, opangidwa ndi bungwe la kafukufuku wa zaulimi la IITA mogwirizana ndi a ZARI ndi NISIR. Ndi njere za mapira zopakidwa nkhungu ya mtundu womwewo wobweretsa chuku, koma yosatulutsa poizoni, ndipo amazipaka utoto wa buluu kuti munthu asadye. Umamwaza m'munda makilo 10 pa hekitala, masabata awiri kapena atatu mbewu isanachite maluwa, nkhungu yabwinoyo n'kulanda malo a yoipa ija. Ya kuno anaipanga ndi nkhungu zotoledwa m'minda ya Zambia momwemuno, ndipo mayeso ena anachitikira m'minda ya alimi a Kum'mawa kuno. A IITA anachita kukhazikitsa pulogalamu yapadera yofunafuna makampani oti apange ndi kugulitsa m'maiko osiyanasiyana, podziwa kuti labu payokha siingathe.

Ndipo vuto la chuku si nthano. Kale nshawa za Chalimbana zinkapita ku Ulaya kudzera ku Eastern Co-operative Union. Lero msika wa ku Ulaya umalola magawo 4 okha a poizoni wa chuku pa biliyoni pa nshawa zodya. Mu 2024 munamva nduna ya zaumoyo ikulengeza za agalu pafupifupi 400 omwe anafa, ndipo chuku chinapezeka m'ufa wa zigayo zina.

aJere (Down Shops):
Agogo, ndimagulitsa mbewu ndi mankhwala a m'munda, ndiye ndikuuzeni mmene zimakhalira kuseri kwa kauntala. Mlimi akalowa amafunsa funso limodzi: ndikagula ichi ndipindula chiyani? Feteleza amaona chimanga chikubiriwira. Mankhwala a chuku saona kalikonse, chifukwa poizoniyo saoneka. Akapita kukagulitsa, wogula wa sikelo ya pamsewu amalipira mtengo umodzi, zoyera ndi zachuku chimodzimodzi. Ndiye awonongerenji ndalama? Ine sindingadzaze shelefu ndi katundu woti athera mphamvu asanagulidwe.

Yerekezani ndi matumba a PICS, aja a ku yunivesite ya Purdue ku America, okhala ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Sanangowatumiza kumashopu. Ankapita m'midzi, kuthira chimanga kapena khobwe pamaso pa anthu, kumanga, n'kubweranso patapita miyezi kudzamasula onse akuona. Anankafumbwe atafa, mbewu ili bwinobwino, popanda mankhwala. Yunivesite inapereka laisensi kwa makampani opanga matumba m'maiko a kuno, dzina n'kulitetezanso. Amenewo munthu amabwera yekha kudzafunsa.

Ndiye ine maganizo anga ndi akuti mabungwe enawa amathera mphamvu pa wopanga, kuiwala wogula.

Amake Dalitso (Kalichero):
Apa ndagwirizana nanu bambo Jere. Ndi chifukwa chake a kampani ya COMACO anakwanitsa. Amagula kwa alimi omwe atsatira malangizo, amasankha nshawa, amayesa, n'kupanga chiponde cha It's Wild! konkuno ku Chipata. Mlimi akadziwa kuti wogula ayang'ana, amaumitsa bwino ndipo sawaza madzi.

Agogo Zulu (Msekera):
Ngakhale mitengo ya gilirisidiya yomwe a COMACO amalimbikitsa, kafukufuku wake anachitikira ku Msekera kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, a bungwe la kafukufuku wa mitengo la ICRAF ali ndi Dr Freddie Kwesiga, pamodzi ndi jerejere ndi mthuthu. Zotsatira zinali zabwino kuyambira kale. Kufala kwenikweni kunadza pamene panapezeka wogawa mbande, wophunzitsa pa wailesi ngati Breeze FM, ndi wogula zokolola.

Chisomo (Lusaka):
Atate aJere, sindikutsutsa za wogula, koma ndalama za boma zisanyozedwe. Pali gawo lomwe wamalonda aliyense amathawa: chinthu chagwira ntchito kamodzi, koma sichinayesedwe mokwanira kuti munthu aikepo ndalama zake. Banki singakongoze aTembo kuti apange makina asanu ongoyesera. Inunso simungawalipiriretu. Gawo limenelo ndi lomwe thumba la NTBC linapangidwira.

aJere (Down Shops):
Ndamva mwana wanga. Koma ndaonanso anthu omwe ntchito yawo yasanduka kulemba mapulani ndi kupita kumisonkhano. Chinthu chomwecho amachionetsa chaka chino, chaka chamawa, osagulitsa ngakhale chimodzi. Wolandira thandizo azifunsidwa kuti wagulitsa zingati.

Nangoma (Chadiza):
Pepani ndilowetse yanga. Agogo anga aakazi amadziwa mtengo womwe masamba ake amathira m'nkhokwe kuti anankafumbwe asalowe. Kunabwera anthu ena akufunsa mafunso ndi kutenga masamba. Kodi akakapanga mankhwala n'kumagulitsa, agogo apezapo kanthu?

aMwale (Kalongwezi):
Achemwali, lamulo lilipo, nambala 16 la 2016, loteteza nzeru zamakolo, zomera ndi zachikhalidwe, ndipo limayendetsedwa ndi PACRA. Mfundo yake ndi yakuti wofuna kugwiritsa ntchito nzeru zotere ayambe wapempha chilolezo kwa eni ake, atawafotokozera zomwe akufuna kuchita, ndipo pakhale pangano la kagawidwe ka phindu. Ku South Africa bungwe la kafukufuku la CSIR linatenga patenti pa chomera chotchedwa hoodia, chomwe anthu a mtundu wa San ankadya kuti asamve njala posaka. A San anadandaula, ndipo mu 2003 panasainidwa pangano loti azilandira gawo. Akabweranso anthuwo, afunseni kalata yosonyeza komwe achokera, adzere kwa amfumu, ndipo zonse zilembedwe asanathyole tsamba.

aPhiri (woyang'anira gulu):
Nkhani ya Nangoma ndi yaikulu, tiitsegulire tsiku lakelake. Tibwerere kwa Madamu ndi aTembo.

Madamu Nabanda (Katete):
Zikomo bambo Phiri. Funso lina: mwana akapanga chinthu kusukulu ndi zipangizo za sukulu, ine ndikumuthandiza, mwini wake ndani? Ndikuopa kuti tsiku lina chinthu chidzayenda bwino, ndiye mkangano n'kubuka pakati pa makolo ndi sukulu.

aMwale (Kalongwezi):
Mwaganiza patali Madamu. Kawirikawiri wolembedwa ntchito akapanga chinthu m'kati mwa ntchito yake, umwini umapita kwa womulemba, koma dzina la wopanga limalembedwabe. Mwana wa sukulu si wantchito, ndiye ndi bwino sukulu, makolo ndi mwanayo alemberane kapepala poyambirira. Mwana aliyense akhalenso ndi kope lolembamo zomwe wayesa, tsiku ndi tsiku, inu n'kumasaina.

Maiko ena anakonza zimenezi ndi lamulo. Ku America lamulo la Bayh-Dole la 1980 linalola mayunivesite kukhala eni a zomwe atulukira ndi ndalama za boma, bola agawane phindu ndi wotulukirayo. Ku South Africa lamulo la 2008 linalamula kuti mabungwe a kafukufuku akhale ndi ofesi yoona zofikitsa luso kumakampani, ndipo wotulukira alandire osachepera 20 peresenti ya R1 miliyoni yoyamba. Munthu akadziwa gawo lake sabisa zomwe wapeza.

Chisomo (Lusaka):
Chomwe ine ndimalakalaka n'chaching'ono kuposa lamulo. Pakhale tebulo limodzi ku Chipata, kaya ku Chipata Trades kaya ku Msekera, pomwe mmisiri angabwere ndi chinthu chake, wina amujambulire miyeso pakompyuta, achiyese, amuuze ngati ndi cha PACRA, cha ZABS kapena cha NTBC. Munthu mmodzi wodziwa makomo onsewo akhoza kusintha zambiri m'chigawo chonse, kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi.

Amake Dalitso (Kalichero):
Nanga CDF, thumba lija la boma la chitukuko cha m'konsitityuwense? Mu 2022 inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwense, ndipo muli gawo la makalabu a amayi ndi achinyamata. Makalabu ambiri amapempha nkhuku ndi mbuzi. Ife tikhoza kupempha makina oswera nshawa, n'kulemba kuti tigula kwa mmisiri wa konkuno yemwe adzatiphunzitsa ndi kukonza. Ndalama ikhala m'chigawo, aTembo apeza oda yoyamba yooneka, ndipo akapita ku NTBC kapena ku CEEC, bungwe la boma lokongoza ndalama za bizinesi, akhala ndi umboni woti ogula alipo.

aJere (Down Shops):
Imeneyo ndiye nzeru amayi. Koma musalembe fomu makina asanayesedwe, mungabwerezenso zija zili pakhonde.

Agogo Zulu (Msekera):
Kuyesako sikufuna Lusaka. Tichite chonchi. Amake Dalitso akonze nshawa zouma bwino, zogwedeza zikulira m'makoko, mitundu iwiri: Chalimbana ndi ina ya njere zing'onozing'ono. Mtundu uliwonse makilo 10, katatu. Opukusa akhale amayi a kopaletivu, osati aTembo, chifukwa mwini makina amadziwa kuwanyengerera. Tikamaliza tisankhe milu itatu, zathunthu, zosweka ndi zosaswedwa, mulu uliwonse pasikelo, ndipo wina agwire wotchi. Kenako titenge njere 100 zoswa ndi makina ndi 100 zoswa ndi manja, tidzale mumchenga wonyowa, tiwerenge zomera pakatha masiku khumi. Ndidzalemba zonse ndi kusaina, ndipo ndipempha mlangizi wa dera lanu adzakhale mboni.

Madamu Nabanda (Katete):
Agogo, ndingabwere ndi ana anayi a kalabu? Agwire sikelo ndi wotchi, aone mmene chinthu chimayesedwera. Choumitsira ndiwo chathu tidzachiyesa motsatira njira yomweyo tikabwerera.

Chisomo (Lusaka):
Atate aTembo, tengani tepi muyeze chigawo chilichonse, mujambule ndi foni tepiyo ikuoneka, munditumizire ku inbox, osati pagulu pano. Ndijambula pakompyuta kwaulere. Za kasefa kaja musaonetsenso wina mpaka aMwale ataona ngati pali choti n'kulembetsa.

aTembo (Kapata):
Zikomo nonse, mwandilimbitsa mtima. Ndiyamba kuyeza mawa m'mawa ndisanatsegule shopu. Makinawo ndi olemera, panjinga sangakwere. Amayi, Loweruka la sabata yamawa lingatheke?

Amake Dalitso (Kalichero):
Loweruka limenelo kuli chinamwali m'mudzi, amayi sadzapezeka. Tiike Lachiwiri lotsatira, kuyamba 8 koloko dzuwa lisanakwere. Sikelo ya kopaletivu ilipo koma ndi ya koloko, yolendewera.

aJere (Down Shops):
Ya koloko siigwira magalamu, ndibweretsa yanga ya dijito. Makina ndinyamula pa kanta yanga, aTembo mukhale okonzeka 6 koloko pa Kapata. Pepala la agogo likatuluka bwino ndiika amodzi pakhomo pa shopu nyengo yonse yogula nshawa, pamodzi ndi masefa ndi maberingi apadera. Za gawo langa pa makina alionse ogulitsidwa tidzakambirana pepalalo lili patebulo, aMwale alipo kuti atilembere.